Posankha masewero a banja lonse, ganizirani amene angayambe kudzuka

Pabokosi la masewero ochokera kunja pamalembedwa manambala atatu: zaka za mwana woyenera kusewera, kuchuluka kwa osewera, ndi mphindi zimene gemu imodzi imatenga. Munthu akapatsidwa ntchito yosankha masewero oti mabanja adzasewere pachikondwerero cha masewero a patebulo, amayamba n'kuwerenga manambala amenewa, ndipo ambiri amalekera pomwepo. Akangoona 8+ amati basi, awa ndi a banja. Kuno ku Mangochi manambalawa satiuza zambiri. Amene anawalemba ankaganiza za mwana wa ku Germany kapena ku America, amene mawu a pamakadi ali m'chilankhulo cha kwawo, ndipo makolo ake anakula akusewera zomwezo. Banja lochokera kwa Chimwala, ku Namwera kapena kwa Mponda ndi lina. Muli agogo oyankhula Chiyao ndi Chichewa koma osawerenga Chingerezi, amayi obereka khanda kumbuyo, mnyamata wa Sitandade 2, mtsikana wa Fomu 3 wodziwa zonse za pafoni, ndi abambo amene abwera mokayikira, mumtima akuti mwina n'zajuga izi.

Wosankha masewero adzifunse funso limodzi pa gemu iliyonse: mwa anthu asanu amenewa, ndani angayambe kudzuka patebulo, ndipo chingamudzutse n'chiyani? Gemu imene ingamusunge munthu ameneyo mpaka kumapeto ndiyo yoyenera holo ya mabanja. Ina yonse, kaya inalandira mphotho zingati, ipezeredwe malo ake kwina.

Kunja zikondwerero zotere zinakhazikika kalekale. Gen Con inayamba mu 1968 ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin, ndipo tsopano imachitikira ku Indianapolis. Ku Essen, ku Germany, chionetsero cha Spiel chinayamba mu 1983 ndipo chimatenga masiku anayi mwezi wa Okutobala. Opita kumeneko amakhala atasankhiratu. Amadziwa gemu imene akufuna, ena amalembetseratu mpando, ndipo kukhala maola atatu pamalo amodzi sikuwavuta. Ife tikadzakonza chathu m'holo ya sukulu kapena pabwalo lina pa Boma, ambiri adzalowa chifukwa amva phokoso, kapena chifukwa mwana wawakoka dzanja pochokera kumsika. Munthu wotere sanalonjeze aliyense kuti akhalitsa. Mphindi zisanu zoyamba zikamutopetsa anyamula thumba lake n'kumapita, ndipo mwanayo apita naye limodzi ngakhale akulira.

Chimene chimafulumira kudzutsa munthu wamkulu ndi kuwerenga. Si kuti safuna kuphunzira ayi, koma palibe agogo amene angakonde kuti mdzukulu aziwawerengera khadi lililonse pamaso pa anthu achilendo. Amafunsa koyamba, amafunsa kachiwiri, kachitatu amangoti, "Sewerani inuyo ana, ine ndizionerera." Akatero mwataya munthu yemwe tebulolo munamukonzera. Masewero ambiri otchuka amagwa pamenepa. Ticket to Ride, imene Alan R. Moon anatulutsa mu 2004 n'kulandira mphotho ya ku Germany ya Spiel des Jahres chaka chomwecho, ndi gemu yokoma ndipo malamulo ake ndi ochepa. Koma khadi la ulendo limakuuza kuti ulumikize mizinda iwiri pamapu a America ndi Canada, mayina ngati Duluth ndi El Paso, ndipo amene sawerenga msanga amathera nthawi yake akufufuza ndi chala pamene anzake akumudikira. Scrabble ndiye imapitirira. Timatabwa take 100 tinagawidwa motsata Chingerezi, moti muli K mmodzi yekha ndi Z mmodzi yekha, ndipo aliyense amene wayesa kuisewera m'Chichewa amadziwa kuti zilembo ziwirizi zimasowa gemu itangoyamba. Si gemu yoipa. Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2015, ndipo ana a sekondale a kuno ayenera kuidziwa. Ipatseni tebulo lake ndi aphunzitsi a Chingerezi pambali, koma musanene kuti ndi ya banja lonse.

Zilipo zochokera kunja zimene sizifuna kuwerenga ngakhale liwu limodzi. Imene ndingayambe nayo ndi Qwirkle, ya Susan McKinley Ross, imene inalandira mphotho ija mu 2011. Ili ndi timatabwa 108 tokhala ndi zizindikiro za maonekedwe 6 m'mitundu 6 ya utoto. Lamulo lake limakwana mpweya umodzi: ndandalika mzere wa utoto umodzi koma maonekedwe osiyana, kapena maonekedwe amodzi koma utoto wosiyana. Munthu akaona mizere iwiri yaikidwa, wadziwa kale. Komanso timatabwato n'tolemera, ndipo izi n'zofunika kuno. Amene anayesapo kusewera makadi pakhonde m'mbali mwa nyanja mwera ukuwomba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, akudziwa kuti theka la nthawi limathera pothamangitsa mapepala. Chimodzi chokha choti woyendetsa tebulo, munthu wophunzitsa ndi kutsogolera osewera, achisamale: anthu ena, makamaka aamuna, amavutika kusiyanitsa utoto wofiira ndi wobiriwira, ndipo m'holo yamdima magetsi atathima vutoli limakula. Azitchula utoto mokweza poika kathabwa kalikonse, kuti wina asachite kufunsa.

Carcassonne, ya Klaus-Jürgen Wrede, ya mu 2000, nayonso ilibe mawu. Aliyense amatola kachidutswa kokhala ndi msewu, munda kapena khoma la mzinda n'kukalumikiza ndi timene tili kale patebulo, ndipo mapu amakula anthu akuona. Ndi banja loyamba kumene, siyani lamulo la alimi a m'minda, lomwe limasokoneza ngakhale akuluakulu, musewere za misewu ndi mizinda basi. Dobble ili ndi makadi 55, lililonse lili ndi zithunzi 8, ndipo makadi awiri alionse amafanana chithunzi chimodzi chokha, wochiona msanga ndiye wadya. Ndimaikonda chifukwa mwana wa zaka 7 amagonjetsa bambo ake mwachilungamo, popanda kumulekerera. Koma imadalira maso akuthwa, choncho agogo opanda magalasi sangapeze ngakhale khadi limodzi. Ikhale ya makolo ndi ana, kapena agogo akhale mbali imodzi ndi mdzukulu.

Wina adzabwera ndi Monopoly ndithu, chifukwa ndiyo imene ambiri amaidziwa, ndipo adzakhumudwa mukamukaniza. Mukanizeni mwaulemu. Gemu imeneyi, imene kampani ya Parker Brothers inayamba kugulitsa mu 1935, inachokera ku ina imene Lizzie Magie analembetsa mu 1904 pofuna kuonetsa mmene eni malo amasaukitsira anthu olipira lendi. Mpaka lero imagwira ntchito imeneyo mokhulupirika: mmodzi amalemera, ena amasauka mmodzimmodzi n'kutuluka gemu isanathe. Tsono taganizani mnyamata wa Sitandade 2 uja ndalama zitamuthera pakati pa gemu. Otsalawo akadali ndi ola lathunthu kapena kuposa. Achite chiyani? Ayamba kuyendayenda, kukoka za patebulo la eni, kutuluka panja, ndipo amayi ake adzuka kumutsatira. Patebulo patsala anthu awiri, ndipo si banjanso. Gemu iliyonse yotulutsa munthu isanathe ili ndi matenda omwewa.

Ludo, imene inalembetsedwa ku England mu 1896 kuchokera ku Pachisi ya ku India, siitulutsa munthu, ndipo ubwino wake ndi woti pafupifupi aliyense anaionapo. Vuto lake ndi lamulo loti kadoli katuluke m'nyumba pokhapokha dayisi itagwa 6. Mwana angathe kuponya kambirimbiri osatuluka, anzake akuzungulira. Yambani aliyense ali ndi kadoli kamodzi panja, ndipo musewere ndi tiwiri m'malo mwa tinayi, gemu idzatha anthu akadali ndi chimwemwe. Ya njoka ndi makwerero ilibe chosankha chilichonse, umangoponya n'kuyenda, koma imaphunzitsa timwana kuwerenga mpaka 100. Iyalidwe pamkeka pakona ya ana aang'ono.

Pa nkhani ya nthawi ndine wouma mutu: theka la ola, osapitirira. Amayi aja ali ndi ndiwo zoti akaphike. Banja lochokera ku Monkey Bay kapena ku Malindi likuganiza za minibasi yobwerera. Nthawi ya swala ikakwana anthu ayenera kudzuka osasiya gemu pakati. Kukatentha mu Okutobala ndi Novembala, holo ya malata salimbamo munthu maola awiri atakhala malo amodzi. Ndipo panja pali mabanja ena akudikira mpando. Gemu yaifupi imapereka mwayi woti wogonja anene kuti "tibwerezenso," ndipo mawu amenewa ndi amene wokonza chikondwerero ayenera kuwafunafuna. Uno, imene Merle Robbins, wometa tsitsi wa ku Ohio, anapanga mu 1971, imalowa bwino m'nthawi imeneyi mukamasewera mpaka mmodzi atathetsa makadi ake, osawerengera mapointi mpaka 500 monga malamulo ake amanenera. Mungogwirizana kaye malamulo musanagawe, chifukwa nyumba iliyonse ili ndi akeake ndipo mkangano umabuka pa khadi lotoletsa anayi.

Pali china chimene bokosi silingalembe konse, ndicho ulemu. Masewero ambiri otchuka pazikondwerero za kunja ndi onamizana: umabisa khadi, umanena bodza, mnzako n'kukugwira. Kuti upambane uyenera kuyang'ana munthu m'maso n'kumuuza kuti akunama. Pakati pa anzako a msinkhu umodzi n'zoseketsa. Koma mtsikana woleredwa bwino sangayang'ane amalume ake n'kunena kuti "mukunama," ngakhale akudziwa kuti ndi gemu. Amangosankha kugonja. Akalimba mtima n'kunena, amalumewo aseka pagulu, koma nkhaniyo ikafikanso kunyumba. Chimodzimodzi masewero olimbirana, oti manja onse awunjikane pakati pa tebulo kapena kumenya dzanja la mnzako. M'mabanja ambiri kuno, a Chiyao ndi a Chichewa omwe, mkamwini amapatukira apongozi panjira, ndiye mungawauze bwanji kuti aike dzanja pamwamba pa dzanja? Palinso amayi ambiri amene sagwirana manja ndi amuna achilendo. Woyendetsa tebulo ayambe waona amene akhala pansi, n'kuzindikira ubale wawo, asanatsegule bokosi.

Gemu imodzi ndikupempha kuti isalowe n'komwe m'holo ya mabanja. Ndi imene ena amaitcha Mafia, ena Werewolf, yoyambitsidwa ndi Dimitry Davidoff ku Moscow mu 1986. Okonza zikondwerero amaikonda chifukwa imatenga anthu ambiri nthawi imodzi ndipo siifuna zipangizo. Kaseweredwe kake n'kotere: onse amatsinzina ngati kwada, ochepa amene asankhidwa mwachinsinsi amaloza munthu woti afe, kukacha mudzi wonse umakambirana kuti wakupha ndani, umasankha mmodzi pomukayikira chabe, n'kumupha. Kwa anthu a ku Essen izi ndi nthano. Kwa ife si nthano. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo zinaphetsa anthu osalakwa m'manja mwa magulu okwiya. Chaka ndi chaka timamva za okalamba omenyedwa, owotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, chifukwa wina wawaloza chala kuti ndi mfiti, ndipo kawirikawiri wolozayo ndi mbale wawo, nthawi zina mwana. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mchitidwewu sunathe. Sindikufuna kuona mwana wa zaka 9 akuphunzira patebulo lathu kuloza agogo ake n'kunena kuti ndi amene akupha anthu usiku, gulu lonse n'kuwomba m'manja. Wina adzati ana amasiyanitsa masewero ndi zenizeni. Mwina ambiri amatero. Koma agogo amene alozedwawo akudziwa anzawo amene zinawachitikira zenizeni, ndipo sadzaseka.

Chimodzimodzi nkhani imene gemu ikusimba. Pandemic, ya Matt Leacock, ya mu 2008, ndi gemu yanzeru yoti onse amathandizana kulimbana ndi miliri. Koma boma lino linavutika kwambiri ndi kolera mu 2022 ndi 2023, ndipo patebulo pangakhale munthu amene anaika mwana m'manda. Achinyamata amene aisankha okha akudziwa chimene akulowamo angaisewere. Osangoiyala pamaso pa banja lililonse lodutsa.

Tsopano abambo aja, amene analowa akuganiza za juga. Kukayikira kwawo n'komveka. Malo obetchera mpira ali pamsika uliwonse, ena ali m'foni momwemo, ndipo mabanja ambiri aona ndalama ya feteleza kapena ya fizi ikupita mwanjira imeneyi. Kwa anthu ambiri makadi ndi dayisi ndi zida za otchova juga, kaya pali ndalama kaya palibe. Mangochi ndi boma la Asilamu ambiri, ndipo Chisilamu chimaletsa juga kotheratu. Pa za dayisi, akuluakulu ena a chipembedzo amaletsa ngakhale popanda ndalama, ena amaona mosiyana. Mipingo inanso ya Chikhristu siikondwera ndi makadi. Wokonza chikondwerero si woweruza wa nkhani imeneyi, ndipo asayese kutsutsana ndi kholo pakhomo. Chimene angachite n'kupita kwa ashehe, abusa ndi mfumu ya deralo tsiku lisanafike, kuwaonetsa masewerowo ndi manja, n'kumva maganizo awo. Patebulo lililonse pakhale chikwangwani cha chithunzi choonetsa ngati pali dayisi kapena makadi, ndipo matebulo ochuluka akhale opanda zonse ziwiri, kuti banja losafuna zimenezi likhale ndi zosankha zambiri, lisaoneke ngati lapatulidwa.

Ndalama isaoneke patebulo lililonse. Musasonkhetse osewera kuti wopambana atenge zonse, chifukwa imeneyo ndi juga ngakhale muitche mpikisano, ndipo lamulo la dziko lino silola ana osakwana zaka 18 kubetcha. Mphotho ikhale makope ndi mapensulo. Muikenso munthu woyang'anira oonerera, chifukwa kubetcha kumayambira kwa oima kumbuyo kwa osewera drafuti ndi bawo. Tsiku nalonso lisankhidwe ndi maso: Lachisanu masana anthu ali kumzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan, umene umasuntha chaka ndi chaka, si nthawi yoitanira mabanja kudzakhala m'holo yotentha tsiku lonse.

Bawo ndiye ayenera kukhala pakati pa holo, osati pakona ngati chokongoletsa choonetsa alendo. Mizere inayi, maenje 32, mbewu 64, palibe dayisi, palibe chilembo, palibe mwayi. Gemu yomweyi imaseweredwa ku Zanzibar ndi m'mbali mwa nyanja ya mchere ndi malamulo ofanana kwambiri ndi athu, ndipo n'zosadabwitsa kuti inazika mizu kuno, kumene amalonda a Chiyao ankayenda ulendo wa ku Kilwa. Ubwino wake waukulu pachikondwerero chotere ndi woti amatembenuza zinthu. Pa masewero onse a m'mabokosi mtsikana wa Fomu 3 ndiye mphunzitsi ndipo wamkulu ndi wophunzira. Pa bawo agogo aamuna ndiwo katswiri, amawerenga maenje ndi maso okha n'kudziwa kumene mbewu yomaliza ikagwere, ndipo mdzukulu amene amawaona ngati otsalira amatsegula pakamwa.

Koma bawo monga amaseweredwa pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde la golosale sangapambane mayeso anga. Ndi wa anthu awiri okha. Akatswiri amafesa mbewu mwaliwiro loti woonerera watsopano saona chimene chachitika. Ozungulira amakuwa malangizo n'kuseka wolakwitsa. Malamulo a nyumba, dzenje lamakona anayi lija, ndi a mbewu zosungidwa m'manja amatenga masiku kuti munthu awagwire. Ndipo tinene zoona, ndi bwalo la abambo. Mayi kapena mtsikana akafika pamenepo amaima patali, ndipo palibe amene amamusunthira mpando. Tikangonyamula bwalo limeneli n'kuliika m'holo, tabweretsa mpikisano wa madoda, mabanja akuonerera.

Choncho bawo wa m'holo ya mabanja akonzedwe mwadala. Yambani ndi mtundu wosavuta umene ana amaphunzirira, woika mbewu ziwiriziwiri m'dzenje lililonse kuyambira pachiyambi, wopanda za nyumba. Mbali iliyonse pakhale anthu awiri, wamkulu ndi mwana: mwana ndiye agwire mbewu n'kufesa akuwerenga mokweza, wamkulu angoloza ndi kufunsa, "Ukayamba apa, ukathera pati?" Oonerera auzidwe kuti pano sakuwa. Ndipo matebulo ena a bawo ayendetsedwe ndi amayi. Alipo amene amadziwa kusewera, anaphunzira ali ana poonerera abambo awo, koma sanaitanidwepo. Mtsikana akaona mayi atakhala kuseri kwa bawo amasendera yekha. Akatswiri aja asatayidwe. Apatseni mpikisano wawo chakumadzulo, pabwalo loonekera, kuti ana amene aphunzira m'mawa aone kumene njirayi imafika. Panja pakumbidwe maenje a ntchuwa, imene mizere yake ingatalike mpaka anthu angapo kusewera mbali imodzi, ndipo miyala ndi yaulere.

Nkhani ya mtengo ikugwirizana ndi zonsezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bokosi lililonse loitanitsa ku Johannesburg kapena ku London linakwera mtengo koopsa, ndipo likangotaya makadi angapo ntchito yake yatha. Mbewu ya bawo ikatayika umatola kamwala. Drafuti amajambulidwa pakatoni, zitsekerero za mabotolo 12 mbali iyi, 12 mbali inayo. Osema ziboliboli a ku Cape Maclear ndi m'mbali mwa msewu wa kunyanja amasema bawo wopinda wabwino kwambiri, ndipo ndalamayo imatsala m'boma momwe muno. Ngakhale gemu yotchuka ya nsanja ya timatabwa, Jenga, kalipentala wa pa Boma angapale timatabwa take: ndi 54, tosanjikizana titatutitatu mpaka mizere 18. Amene anaiyambitsa, Leslie Scott, anabadwira ku Tanganyika, ndipo banja lake linkaisewera ku Ghana ndi timatabwa ta kumalo ochekera matabwa iye asanaitulutse ku London mu 1983. Gemu imeneyi ndi imodzi mwa zabwino zedi pa banja: palibe chofotokoza, dzanja la mwana ndi lopepuka kuposa la bambo ake, onse amagwira mpweya limodzi, ndipo nsanja ikagwa holo yonse imatembenuka. Ingofuna tebulo losagwedera. Pa zonsezi kumbukirani khanda lija. Likatsika kumbuyo limakwawa, ndipo chilichonse chaching'ono chimapita kukamwa, kaya kadoli ka Ludo kaya mbewu ya bawo. N'chifukwa chake mabokosi amachenjeza za ana osakwana zaka 3. Pafupi ndi mikeka ya amayi oyamwitsa pakhale masewero a zidutswa zikuluzikulu okha.

Achinyamata amene amatsata za masewerowa pa intaneti adzandiuza kuti ndikufuna kusandutsa chikondwerero kukhala sukulu ya mkaka, pamene iwo akhala akudikira mwayi wosewera Catan ndi anzawo. Ali ndi mfundo, ndipo popanda iwo chikondwererocho sichingachitike, chifukwa ndi amene adzanyamule mabenchi ndi kuphunzitsa malamulo. Catan, ya Klaus Teuber, ya mu 1995, ndi gemu yakuya, ya anthu atatu kapena anayi, ndipo imapitirira ola. Iwo, pamodzi ndi okonda chess ndi Scrabble, apatsidwe chipinda chawo ndi maola awo, pakhomo palembedwe kuti muno gemu ndi zazitali. Chimene ndikukana n'kusakaniza: kutenga gemu imene iwe mwini umaikonda n'kuikakamiza pa banja limene langolowa, chifukwa choti pabokosi palembedwa kuti ana a zaka 10 angasewere. Pamenepo wasankhira iwe mwini, ndipo banjalo ndi longokuthandiza kudzaza mipando.

Ena adzati yankho ndi masewero othandizana, oti onse apambane kapena kugonja limodzi, monga Forbidden Island ya mu 2010. Ganizo lake ndi labwino ndipo limachotsa misozi ya wogonja. Koma m'banja lathu muli chizolowezi choti bambo akayankhula nkhani yatha, ndipo m'masewero otere bamboyo amayamba kusunthira aliyense kadoli kake, ana n'kungokhala manja ali pamiyendo. Woyendetsa tebulo aike lamulo lake: mwini kadoli ndiye ayambe kunena chimene akufuna kuchita, ena alangize pambuyo.

Palinso masewero osimba nkhani, amene kholo lake ndi Dungeons & Dragons ya mu 1974. Mabuku ake ndi aakulu, a Chingerezi, odzaza matsenga ndi ziwanda, ndipo sindingawaike pamaso pa banja la kuno. Koma njira yake ndi yathu kale: mmodzi akusimba, ena akuvomera. Kusiyana kwake n'koti womvera aliyense amatenga mbali n'kusankha chochita. Wosimba waluso angayale mkeka, kupatsa mwana uyu kukhala Kalulu, uyo Kamba, amayi Njovu, n'kunena kuti mudzi uli ndi njala, chakudya chili tsidya lina la Shire, bwato ndi limodzi ndipo m'madzi muli ng'ona. "Kalulu, iwe uchita chiyani?" Pamene zinthu zingayende bwino kapena moipa, mwana apise dzanja m'thumba la timiyala toyera ndi takuda. Nkhani ingasimbidwe m'Chichewa, agogo n'kuyankha m'Chiyao, ndipo palibe amene watsala kunja. Ikufuna wosimba amene wakonzekera, wodziwa kufupikitsa nkhani ikayamba kutalika ndi kubwezera mpata kwa mwana wamanyazi amene sanayankhulepo.

Ndipo apa ndi pamene ndalama zochepa za chikondwerero ziyenera kupita. Tebulo lililonse likufuna munthu woliyendetsa amene amayankhula Chichewa ndi Chiyao, amene amaphunzitsa posewera, makadi ali poyera ulendo woyamba, osati powerenga malamulo, ndipo amene sasewera kuti apambane yekha. Anthu otere aphunzitsidwe sabata isanafike, aliyense masewero awiri kapena atatu basi, n'kukawayesa pakhomo pa banja lenileni. Akuluakulu odziwa bawo ndi ntchuwa aitanidwe ndi kalata monga alendo olemekezeka, awalipirire kabaza wopita ndi wobwerera, ndi chakudya chamasana, ngakhale zitatanthauza kuti bokosi lina lochokera kunja lisagulidwe chaka chino.